Kiyi ndi loko sizokwanira kutsegula selo

Teremu yapitayi mtsikana wina wa Fomu 3, wanzeru ndithu, anandipeza mu labu nthawi yopuma n'kundiuza mosabisa mawu. "Aphunzitsi, ine ndikufuna kudzakhala dokotala. Bayoloje ndi Kemisitiri ndikulimbikira, koma Fizikisi ndikungoikoka kuti ndikhoze basi. Kodi m'thupi la munthu muli ma pulley?" Anzake anaseka, inenso ndinaseka. Kenaka ndinamupatsa choko kuti ajambule membrane, kachikopa kaja kamene kamakuta selo. Anajambula bwino kwambiri: mizere iwiri ya timitu tozungulira tokhala ndi timichira tiwiritiwiri, pakati pake n'kuikapo mapuloteni. Ndinafunsa ntchito ya timituto. Anati ndi mpanda wotchinga selo. Ndinafunsa za receptor. Anati zimayenda ngati kiyi ndi loko, homoni ndiye kiyi, receptor ndiye loko.

Pa mayeso mayankho amenewa amapeza malikisi, ndipo mwanayo sanalakwe. Anangobweza zimene ife aphunzitsi tinamupatsa. Koma ine ndikuona kuti tinamupatsa theka la nkhani, ndipo theka limene tinasiyalo ndi limene lingamuonetse chifukwa chake dokotala amafunika Fizikisi. Maganizo anga ndi awa: malipid, kutanthauza mafuta amene amapanga membrane, amasankha nawo ngati receptor igwire ntchito kapena ayi, mofulumira bwanji, komanso pamalo ati. Amachita zimenezi kudzera mu zinthu zimene mumaphunzira kwa ife a Fizikisi: kukhuthala, kufewa, kutentha, mphamvu yokankha ndi magetsi. Amene akutaya Fizikisi chifukwa akufuna zachipatala akudzichotsera yekha chida.

Chitseko cha m'dzinja

Amene mumakhala m'nyumba ya chitseko chathabwa mukudziwa zimene zimachitika mu Januwale. Kiyi ndi yomweija, loko ndi yomweija, mukazungulitsa ikulira bwinobwino, koma chitseko osatseguka mpaka mutachimenya ndi phewa. Thabwa lamwa chinyezi, latupa, lathina mu felemu. Loko alibe mlandu.

Receptor ndi puloteni imene imakhala yobooleza membrane, mbali ina kunja kwa selo, mbali ina mkati. Homoni ikamatirira kunja, puloteniyo imasintha kaimidwe kake, ndipo kusinthako n'kumene kumapereka uthenga mkati. Mareceptor a gulu lalikulu kwambiri, lotchedwa GPCR, amadutsa membrane kasanu ndi kawiri, ngati ulusi wosokera. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 800 ya ma GPCR, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala ovomerezedwa ku America amagwira ntchito pa iwo. Tsono taganizani: chinthu chimene chikufuna kusintha kaimidwe chili chopanikizidwa mbali zonse ndi mamolekyu a mafuta. Kuti chitambasuke chiyenera kuwakankha. Akakhala olimba chivutika, akakhala ofewa chimasuka. Malipid ndiwo felemu ya chitsekocho.

Umboni woonekeratu unachokera ku nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa Torpedo, imene imamenya adani ake ndi magetsi. Chiwalo chake chamagetsi n'chodzaza ndi receptor ya acetylcholine, ya mtundu womwewo umene umalamula minofu yanu kuti ikokeke. Asayansi anaichotsa receptor imeneyi n'kuiika mu membrane yopanga okha, ya lipid ya mtundu umodzi yotchedwa phosphatidylcholine. Acetylcholine ankamatirira ndithu, koma kabowo kodutsira ma ion sikankatseguka. Ataikamo cholesterol ndi lipid ina yokhala ndi chaji ya negative, receptor inayambanso kutseguka. Puloteni sinasinthe, acetylcholine sanasinthe. Chinasintha ndi mafuta oizungulira basi.

Anayeza bwanji chinthu chosaoneka?

Musanavomereze zimene ndikunenazi, muyenera kudziwa kuti membrane tinaidziwa bwanji. Nkhani yake inayamba ndi masamu a Fomu 2. Mu 1774 Benjamin Franklin anafotokoza zimene anachita pa dziwe la ku Clapham, mu London. Anathira mafuta osaposa tisipuni imodzi pamadzi, ndipo anafalikira mpaka kusalaza mafunde pa malo okwana pafupifupi theka la ekala. Franklin sanawerengetse kukhuthala kwa mafutawo, koma inu mutha. Tisipuni ndi mamililita 5, kapena 0.000005 m³. Theka la ekala ndi pafupifupi 2,000 m². Gawani volume ndi area, mupeza 0.0000000025 m, kutanthauza ma nanometre 2.5. Kumeneko n'kutalika kwa molekyu imodzi ya mafuta itaimirira. Mu 1890 Lord Rayleigh anachita masamu amenewa pogwiritsa ntchito mafuta a olivi ndipo anapeza ma nanometre pafupifupi 1.6. Chaka chotsatira, 1891, magazini ya Nature inasindikiza kalata ya Agnes Pockels, mayi wa ku Braunschweig ku Germany amene sanapite ku yunivesite, koma ankayeza mphamvu ya pamwamba pa madzi kunyumba kwake ndi kachipangizo kamene anakonza yekha. Kachipangizo kameneko n'kamene Irving Langmuir anadzakakonza bwino, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 1932.

Mu 1925 Evert Gorter ndi François Grendel ku Leiden anatenga maselo ofiira a magazi, anachotsa malipid ake n'kuwayala pamadzi. Anapeza kuti malo amene malipidwo anaphimba ndi owirikiza kawiri area ya maselowo. Choncho anati malipid amakhala mizere iwiri. Chosangalatsa n'chakuti analakwitsa pawiri: sanachotse malipid onse, komanso area ya selo anaiwerengera yochepa. Zolakwa ziwirizo zinafafanizana, yankho n'kutuluka lolondola. Chaka chomwecho Hugo Fricke, katswiri wa Fizikisi, anayeza capacitance ya maselo ofiira ndi magetsi ndipo anapeza kuti chotchinga chake n'chokhuthala ma nanometre pafupifupi 3.3. Chithunzi chimene mumajambula mu Bayoloje chija chinatuluka mu miyeso ya area, volume ndi capacitance.

Lero tikudziwa kuti mizere iwiriyo pamodzi ndi ma nanometre pafupifupi 5. Pepala la kope lanu ndi pafupifupi 0.1 mm, ndiye mungafunike kusanjikiza mamembrane 20,000 kuti mufike pamenepo. Tsono onani izi. Selo ya mtsempha wa uthenga ikakhala chete, pakati pa mkati ndi kunja pamakhala kusiyana kwa pafupifupi ma millivolt 70. Ndi kochepa, batire ya tochi ndi ma volt 1.5. Koma gawani 0.07 V ndi 0.000000005 m: mupeza ma volt 14,000,000 pa mita. Mpweya wouma umayamba kuthetheka pa ma volt pafupifupi 3,000,000 pa mita. Receptor iliyonse ya mu ubongo wanu ikukhala mkati mwa electric field yoposa pamenepo, ndipo mbali zake zokhala ndi chaji zimaimva. Mukuonabe ngati m'thupi mulibe Fizikisi?

Mafuta a ng'ombe ndi mafuta ophikira

Mukasiya poto wa nyama ya ng'ombe usiku, m'mawa mumapeza mafuta atauma pamwamba, oyera. Mafuta a mpendadzuwa mu botolo amakhalabe amadzimadzi. Kusiyanaku kumachokera ku maonekedwe a timichira tija. Stearic acid ndi oleic acid onse ali ndi maatomu 18 a kaboni. Mchira wa stearic acid ndi wowongoka, choncho mamolekyu ake amagundana mothinana ngati nsungwi zomangidwa mtolo, ndipo amasungunuka pa madigiri 69. Oleic acid ali ndi double bond imodzi pakati, imene imapinda mchirawo. Zopindika sizithinana, ndiye amasungunuka pa madigiri pafupifupi 13. Kupindika kumodzi kokha, kusiyana kwa madigiri oposa 50.

Membrane ya selo yamoyo iyenera kukhala yamadzimadzi. Mu 1970 Larry Frye ndi Michael Edidin a ku Johns Hopkins University analumikiza selo ya mbewa ndi selo ya munthu kukhala imodzi. Mapuloteni a mbewa anawaika chizindikiro chowala mobiriwira, a munthu chowala mofiira. Poyamba mitunduyo inali yosiyana, uku kobiriwira uku kofiira. Patatha mphindi 40 pa madigiri 37, inali itasakanikirana. Atazizira maselowo, kusakanikirana kunachedwa kwambiri. Zaka ziwiri pambuyo pake, mu 1972, S. J. Singer ndi Garth Nicolson analemba za fluid mosaic model imene ili m'buku mwanu. Mawu oti fluid timawaloweza, koma sitifunsa kuti kufewako kumathandiza chiyani. Receptor ikalandira uthenga iyenera kukumana ndi puloteni ina kuti iupereke. Zimakumana chifukwa zimayendayenda mu membrane mwa diffusion, yomweija ya inki m'madzi. Membrane ikauma, zimachedwa kukumana ndipo uthenga umachedwa.

Apa m'pamene cholesterol amalowera. Mu membrane yakunja ya maselo athu, pafupifupi molekyu imodzi mwa malipid atatu aliwonse ndi cholesterol. Ndi kamolekyu kafupi, kolimba ngati kathabwa, kamene kamalowa pakati pa timichira. Kukatentha kamaletsa timichira kugwedezeka mopitirira, kukazizira kamaletsa kuti tithinane n'kuuma. Kamachititsanso timichira kuwongoka, choncho membrane imakhuthalirako.

Njira zinayi zimene mafuta amalamulira receptor

Yoyamba ndi kufewa ndi kukhuthala. Mbali ya receptor imene imabisika mu membrane imadana ndi madzi, ndipo ili ndi utali wake. Membrane ikakhala yopyapyala kuposa utaliwo, kapena yokhuthala kuposa, china chiyenera kugonja: malipid atambasuke, kapena puloteni ipendekeke, kapena mapuloteni aunjikane pamodzi. Mu 1984 akatswiri awiri a Fizikisi, Ole Mouritsen ndi Myer Bloom, anafotokoza zimenezi poyerekeza membrane ndi matiresi a masipuling'i. Mphamvu yosungidwa mu sipuling'i yokokedwa, imene mumawerengetsa pa Hooke's law, ndi ganizo lomwelo. Chitsanzo chabwino chili m'diso mwanu. Rhodopsin ndi GPCR imene imagwira kuwala mu maselo a rod, amene amakuthandizani kuona usiku. Selo ya rod imatha kumva photon imodzi yokha. Mamembrane amene rhodopsin amakhalamo ndi odzaza ndi DHA, mafuta a maatomu 22 a kaboni okhala ndi ma double bond 6, ndipo timichira ta DHA timafika pafupi ndi theka la timichira tonse m'menemo. Kuwala kukagunda, rhodopsin amatambasuka pang'ono. Asayansi atamuika m'mamembrane osiyanasiyana anapeza kuti mokhala DHA amafika mosavuta pa kaimidwe kopereka uthenga, ndipo cholesterol akachuluka amabwezedwa m'mbuyo.

Yachiwiri ndi kumatirira mwachindunji. Malipid ena ali ndi malo awoawo pa thupi la receptor, ngati mphako. Amene muli ndi mphumu mumadziwa salbutamol, mankhwala opopera aja. Amagwira ntchito pa receptor yotchedwa beta-2 adrenergic, imene imamasula minofu ya njira za mpweya. Mu 2007 gulu la Brian Kobilka ndi Raymond Stevens linaonetsa kapangidwe ka receptor imeneyi pogwiritsa ntchito X-ray crystallography, ndipo pa chithunzicho panaoneka mamolekyu a cholesterol atatsamira pa puloteniyo. Kobilka analandira Nobel ya Kemisitiri mu 2012 pamodzi ndi Robert Lefkowitz. Chitsanzo china ndi receptor ya oxytocin, homoni imene imakoka chiberekero pobereka, imenenso anamwino amabaya amayi akangochira pofuna kupewa kutaya magazi ambiri. Gerald Gimpl ndi Falk Fahrenholz ku Mainz anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti ukachotsa cholesterol mu membrane, receptor imeneyi imagwira oxytocin mofooka, ndipo ukamubwezera imagwiranso mwamphamvu. Onani kusiyana kwake: kwa rhodopsin cholesterol wambiri ndi chopinga, kwa receptor ya oxytocin ndi chofunika. Palibe lamulo limodzi loloweza, muyenera kufunsa kuti molekyuyo ikukankha kapena kugwira pati.

Yachitatu, lipid imatha kukhala uthenga weniweniwo. Mu mzere wamkati wa membrane muli lipid yochepa kwambiri, pafupifupi imodzi pa 100, yotchedwa PIP2, imene mutu wake uli ndi chaji yambiri ya negative. Mukadya nsima shuga amakwera m'magazi, kapamba amatulutsa insulin, insulin amamatirira pa receptor yake pa selo ya mnofu. Receptor imadzutsa enzyme yotchedwa PI3K, imene imawonjezera phosphate imodzi pa PIP2 n'kukhala PIP3. PIP3 ndi ngati mbendera: puloteni yotchedwa Akt imakokeredwa pa membrane pamene pali mbenderayo, ndipo mapeto ake timakomo ta shuga totchedwa GLUT4 timabwera pamwamba pa selo, shuga n'kulowa. Popanda lipid imeneyi, insulin akhoza kumatirira koma timakomoto sitingabwere. Palinso enzyme yotchedwa PTEN imene imachotsa phosphate ija kuti uthenga uthe. Popeza njira yomweyi imauzanso selo kuti ikule, PTEN ikawonongeka uthengawo sutha, ndipo imapezeka yowonongeka mu mitundu yambiri ya khansa.

Yachinayi ndi kusonkhanitsa. Mu 1997 Kai Simons ndi Elina Ikonen analemba mu Nature kuti cholesterol ndi malipid a timichira towongoka otchedwa sphingolipid amakonda kukhalira pamodzi, n'kupanga timadera tolimbirako toyandama mu membrane. Anatitcha lipid raft. Ganizo lake n'lakuti mareceptor ena amaunjikana pa timadera timeneti, ndipo zoyandikana zimakumana msanga. Apa nkhaniyi imatikhudza kwathu kuno. Kachilombo ka HIV kamalowa mu selo pogwira CD4 kenaka CCR5 kapena CXCR4, ndipo zimenezi ziyenera kukhala pafupi. Mu labu, asayansi atachotsa cholesterol pa maselo ndi mankhwala otchedwa cyclodextrin, HIV inavutika kulowa. Chikopa cha kachilomboko nachonso chili ndi cholesterol wambiri, amene kamatenga potuluka mu selo ya munthu.

Kolera ndiye amaonetsa zina: lipid ikhoza kukhala receptor payokha. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 muno m'Malawi, ndipo ena a inu munachedwa kutsegulira sukulu chifukwa cha iwo. Poizoni wa kachilombo ka kolera ali ndi timanja tisanu, ndipo kalikonse kamagwira mutu wa lipid yotchedwa GM1 pa membrane. Akagwira, poizoniyo amalowetsedwa mu selo ya m'matumbo, amasiya G protein ili yoyaka osazima, chloride amatuluka mochuluka, madzi n'kumutsatira mwa osmosis. Kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga kumayambira pamenepo. Thanzi ORS amathandiza chifukwa khomo lina, lolowetsa sodium pamodzi ndi shuga, limagwirabe ntchito, ndipo madzi amatsatira sodium kubwerera m'thupi.

Zimene anzanga amanditsutsa nazo

Mnzanga wophunzitsa Bayoloje ndinamuuza zonsezi mu stafurumu, ndipo sanavomere zonse. Anati silabasi ndi yodzaza kale, MANEB sifunsa za PIP2, ndiye ndikufuna kusokoneza ana chifukwa chiyani? Mfundo yake ndi yomveka, ndipo sindikunena kuti mulowezenso maina khumi atsopano. Mukaiwala PIP2 mawa palibe vuto. Chimene ndikupempha n'chaching'ono: mukajambula membrane muzikumbukira kuti chimene mwajambulacho chikuyenda, chili ndi kukhuthala, chili ndi chaji. Ndipo ndikukhulupirira kuti zimenezi zimachepetsa zoloweza. Amene wamvetsa chifukwa chimene mchira wopindika suthinana safunika kuloweza padera kusiyana kwa mafuta anyama ndi azomera, ntchito ya cholesterol, ndi chifukwa chimene nsomba za m'madzi ozizira zili ndi mafuta ambiri a timichira topindika. Zonse zitatu ndi yankho limodzi.

Anatinso chitsanzo cha kiyi ndi loko n'chabwino kwa oyamba. Zoona, ndipo ifenso a Fizikisi timayamba ndi malo opanda friction amene kulibe padziko pano. Koma timakuuzani poyera kuti tachotsa friction dala, kenaka timaibwezera. Vuto la kiyi ndi loko ndi loti kawirikawiri sitinena chimene tachotsa. Mwana amatuluka Fomu 4 akuganiza kuti mankhwala akangokwana pa receptor, nkhani yatha.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti nkhani ya lipid raft asayansi enieniwo anakanganapo kwa zaka zambiri. Izinso n'zoona. Umboni woyamba unachokera posungunula maselo ndi mankhwala onga sopo otchedwa Triton X-100 pa madigiri 4, n'kuona zimene zatsala osasungunuka. Otsutsa anafunsa funso labwino: mukudziwa bwanji kuti si sopoyo ndi kuzizirako zimene zapanga timaderato? Sakanatha kungoyang'ana pa maikulosikopu, chifukwa timaderato akuti ndi ta ma nanometre 10 mpaka 200, pamene Ernst Abbe anaonetsa mu 1873 kuti maikulosikopu ya kuwala siisiyanitsa zinthu zoyandikana kuposa pafupifupi theka la wavelength, ma nanometre 200 kapena kuposerapo pang'ono. Amene anasuntha malire amenewa ndi Stefan Hell, wa Fizikisi, ndi njira yake ya STED. Analandira Nobel mu 2014 pamodzi ndi Eric Betzig ndi William Moerner. Mu 2009 gulu lake ku Göttingen linaona pa selo yamoyo kuti ma sphingolipid amakodwa kwa ma millisecond 10 mpaka 20 m'timalo tosapitirira ma nanometre 20, ndipo kukodwako kunadalira cholesterol. Choncho timaderato si zisumbu zokhazikika monga ankajambulira poyamba, ndi timagulu tating'ono tokumana n'kubalalika msanga. Mkanganowo sunathe wonse. Koma onani kuti umakhudza njira yachinayi yokha. Za Torpedo, rhodopsin, oxytocin ndi PIP3 sizidalira raft. Onaninso kuti funso la Bayoloje linadikira chipangizo cha Fizikisi kuti liyankhidwe.

Chenjezo pa cholesterol

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa wina awerenga n'kukauza amayi kunyumba kuti aphunzitsi ati tizidya mafuta ambiri kuti mareceptor agwire ntchito. Ayi ndithu. Thupi limapanga lokha cholesterol wambiri amene limafuna, makamaka m'chiwindi. Ubongo, umene ndi pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwanu koma umasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a cholesterol yense wa m'thupi, umapanga wakewake, chifukwa wa m'magazi salowa m'menemo. Selo iliyonse imayang'anira mlingo wa cholesterol wa mu membrane yake mosamala kwambiri. Cholesterol amene madokotala amachenjeza ndi woyenda m'magazi mu timipira totchedwa LDL, amene akachuluka amaunjikana m'makoma a mitsempha n'kubweretsa matenda a mtima ndi sitiroko. Michael Brown ndi Joseph Goldstein analandira Nobel mu 1985 chifukwa chofotokoza receptor imene imachotsa LDL m'magazi. Kumbali inayo, ana obadwa ndi matenda a Smith-Lemli-Opitz, amene thupi lawo limalephera gawo lomaliza lopangira cholesterol, amakhala ndi mavuto aakulu a kakulidwe ka ubongo ndi ziwalo. Molekyu ndi imodzi, nkhani yagona pa malo ndi mlingo. Mukaona uthenga pa WhatsApp wakuti chakudya chakuti chimatsuka mafuta onse m'maselo, mudzifunse kuti selo yopanda mafuta ingatsale ndi chiyani.

Yesani nokha

Sindikufuna mungondikhulupirira. Tengani beseni lalikulu, mulitsuke bwino n'kulitsukuluza mpaka sopo yense atachoka, chifukwa sopo wotsalira amaononga zonse. Thirani madzi oyera, adekhe, kenaka muwaze fumbi la choko pang'ono pamwamba. Viikani nsonga ya kawaya kowonda mu mafuta ophikira kuti mutenge kadontho kakang'ono, ndipo mukayeze poyerekeza ndi rula, mwina mothandizidwa ndi hand lens ya mu labu. Yesetsani kuti kakhale theka la milimita. Gunditsani nsongayo pakati pa madzi. Fumbi lithawa n'kusiya bwalo loyera. Yezani diameter ya bwalolo. Volume ya kadontho ka 0.5 mm ndi pafupifupi 0.065 mm³. Bwalo likakhala la masentimita 20, area yake ndi pafupifupi 31,400 mm². Mukagawa mupeza 0.000002 mm, ma nanometre 2. Mwina inu mupeza 5 kapena 10 chifukwa mafuta sanafalikire onse kapena kadontho munakayeza molakwika. Palibe kanthu, lembani zimene mwapeza ndipo mufotokoze chimene chingakhale chitasokoneza. Gorter ndi Grendel nawonso analakwitsa miyeso.

Mtsikana uja anachita zimenezi ndi anzake awiri Lachisanu lina masana. Ulendo woyamba fumbi silinasunthe, beseni linali ndi mafuta kale. Ulendo wachitatu anapeza ma nanometre 6. Anandifunsa ngati alembe mu kope la Bayoloje kapena la Fizikisi, ndipo ndinamuuza kuti asankhe yekha. Sindikudziwa ngati Fizikisi wayamba kuikonda, sanandiuze. Koma sabata yotsatira anabwera ndi funso lakuti mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni amagwira mafuta a membrane kapena mapuloteni. Funso limeneli linayamba ndi Hans Meyer mu 1899 ndi Ernest Overton mu 1901, amene anaona kuti mankhwala osungunuka bwino m'mafuta ndi amene amagonetsa mwamphamvu. Mu 1984 Nick Franks ndi William Lieb ku London anaonetsa kuti mankhwala omwewo amafooketsa puloteni ya chiphaniphani ngakhale palibe membrane, ndipo lero ambiri amati amagwira mapuloteni mwachindunji. Ndinamuuza kuti akawerenge mbali zonse ziwiri, adzandiuze imene yamukhutiritsa ndi chifukwa chake. Inunso amene mukuganiza zosiya kulimbikira Fizikisi teremu ino, yambani mwayesa za beseni zija, mubweretse nambala yanu kwa aphunzitsi anu, kenaka musankhe.